Mwera umayamba kuoneka pafoni usanafike panyanja

Madzulo ena m'mwezi wa June ndinali pagombe kufupi ndi Chia, ndikudikira msuweni wanga amene amapita ku usipa usiku. Nyanja inali phee, ngati madzi a m'beseni. Koma anyamata atatu anali ataunjikana pa foni imodzi yosweka galasi, akukangana ngati nkhani ya Bullets ndi Wanderers. Nditasuzumira ndinaona mapu a nyanja yathu yomweyi, timizere toyera tikuthamanga kuchokera kummwera kupita kumpoto. Mmodzi anakoka chala kufika pa 2 koloko usiku, ndipo mtundu wa nyanjayo unasintha. "Lero ayi, akulu," anatero. Bwato lawo silinalowe m'madzi, ndipo pofika m'bandakucha mafunde anali akuswa mpaka pamene amayanika nsomba.

App imene ankaonayo ndi Windy, yopangidwa ku Czech Republic, ndipo zambiri zimene msodzi angafune mmenemo n'zaulere. Imasonyeza kumene mphepo ichokere, liwiro lake, ndiponso ola limene ikuyembekezeka kukula, kwa masiku angapo kutsogolo. Chinthu choyamba mukaitsitsa, sinthani muyeso ukhale wa makilomita pa ola, chifukwa ma knots ambirife satiuza kanthu. Chachiwiri, musangoona mphepo wamba. Tsegulani pamene alemba kuti wind gusts. Chimene chimagubuduza bwato si mphepo yowomba mofanana usiku wonse ayi, ndi ija yobwera mwadzidzidzi.

Koma ndinene zoona, Windy si mneneri. Zimene imaonetsa zimachokera ku makompyuta akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amene amawerengera nyengo ya dziko lonse lapansi, ndipo nthawi zina saona kamphepo kotsika m'mapiri kugwera panyanja. N'chifukwa chake msuweni wangayo amaphatikiza zitatu: foni, chenjezo la mwera limene nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza pawailesi, komanso maso a mkulu amene wakhala akupalasa zaka makumi atatu. Nthambi yomweyo ili ndi app yakeyake yotchedwa Zanyengo. Ikani zonse ziwiri. Zikagwirizana kuti kukubwera mwera, khalani pamtunda. Zikasiyana, ine ndimamvera imene ikuopseza.

Tsopano tikambe za mawu akuti "yaulere". Kuno palibe app yaulere kwenikweni, pakuti bandulo timagula ndi ndalama ya nsomba, ya mpunga, ya kabaza. App imene ikukuonetsani kanema wotsatsa malonda mphindi iliyonse ikudya ma MB anu kuti mwini wake alemere. Ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi ikugwira ntchito data itatha? Ngati ayi, iyenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhalira mufoni mwanga.

Pa muyeso umenewo, imene yandidabwitsa kwambiri ndi PlantVillage Nuru. Anaikonza akatswiri a pa yunivesite ya Penn State ku America mogwirizana ndi mabungwe a zaulimi, ndipo ntchito yake ndi kuzindikira matenda a mbewu kudzera pa kamera. Ku Nkhotakota kondowole si chakudya cha apo ndi apo, ndiye chinangwa chikadwala, nyumba yadwala. Mumaloza kamera pa tsamba, iyo n'kukuuzani ngati ndi matenda opiringiza ndi kuyezula masamba aja, kapena aja oopsa amene masamba amaoneka ngati ali bwino pang'ono koma mukazula mupeza chinangwa chaola mkati. Imathandizanso pa mbozi zowononga chimanga. Mukaitsitsa kamodzi pamalo a netiweki yabwino, kumunda imayenda popanda intaneti. Ndinaiyesa m'munda wa azakhali anga, ndipo anaseka mpaka misozi kuona foni ikupima tsamba. Anasiya kuseka itanena zomwezo zimene alangizi anawauza. Phindu lake lenileni lili pa mbewu: mukadziwa kuti phesi ili ndi lodwala, simulidula n'kukalibzala chaka chamawa kapena kugawira mnansi.

Kwa amene mukukonzekera MSCE, Kiwix imakulolani kusunga Wikipedia mufoni kapena mu tablet n'kumawerenga popanda data. Sankhani ya Chingerezi chosavuta, yopanda zithunzi, kuti isadzaze malo. Khan Academy imaphunzitsa masamu ndi sayansi mwaulere, ndipo makanema ake mutha kuwasunga. Silabasi si ya MANEB, choncho muzisankha mitu yokhayo imene ili m'buku lanu. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Pa mawu amodzi amodzi imathandiza, koma mukaipatsa mwambi imakubwezerani zinthu zoti agogo anu akamva angakufunseni ngati mwalawa kachasu.

Zina ndingozitchula mothamanga. Files by Google imachotsa zithunzi za "mwadzuka bwanji" zimene magulu a WhatsApp amatiunjikira, komanso imatumiza mafayilo kwa mnzanu popanda bandulo. Facebook Lite ndi Opera Mini zimapepukira mafoni ochepa mphamvu. Pa Google Maps sungani mapu a boma lonse musananyamuke, chifukwa pamsewu wopita ku Kasungu, umene umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, si paliponse pamene foni imagwira.

Pali china chimene sindikanachilemba chikhala kuti sichinachitike m'nyumba mwathu. Mchemwali wanga amagulitsa usipa wouma kwa makasitomala a ku Lilongwe. Amajambula, amatumiza pa WhatsApp, ndalama imalowa pafoni, thumba n'kukwera minibasi. Tsiku lina munthu anamuimbira mwaulemu kwambiri, akuti akumulembetsa m'gulu la amayi olandira ngongole, ndipo angowerenga manambala asanu ndi limodzi amene abwere pa uthenga. Anawerenga. Pasanathe ola, WhatsApp yake inali m'manja mwa munthu uja, ndipo makasitomala awiri anali atatumiza kale ndalama ya nsomba ku nambala yachilendo. Anabweza ndi nsomba zake, kuopa kutaya dzina.

Chimene chikanamuteteza n'chaulere ndipo chili kale mufoni mwanu. Lowani mu Settings ya WhatsApp, kenako Account, kenako Two-step verification, muike PIN yanuyanu. Wakuba ngakhale atapeza manambala a pa uthenga aja, amakakamira pamenepo. Ndipo ma app olonjeza ngongole yachangu amene amayamba ndi kupempha kuona manambala onse a mufoni mwanu, dzifunseni kuti akufuna nambala ya apongozi anu kuti atani nayo. Chimodzimodzi ma WhatsApp amitundumitundu otumizirana pa Bluetooth aja, amene sapezeka pa Play Store: simudziwa amene anawasoka.

Mchemwali wangayo anaika PIN yake tsiku lomwe anabwezeretsa nambala. Sabata yatha munthu wina anamuimbiranso ndi nkhani ya ngongole yomweyo. Anamuyankha kuti adikire kaye akupepeta usipa, n'kuika foniyo pathandala, ikuwerenga mayunitsi a mwini wake.