Chete wa M'kalasi ndi Kulimba Mtima kwa Mphunzitsi Wophunzira Ntchito

Aliyense amene wabwerako ku ntchito yoyeserera kuphunzitsa, imene ambirife timangoti TP, amakhala ndi nkhani ya tsiku loyamba: choko kuthyoka pa bolodi, mawondo kuwombana, mawu kukanirira pakhosi. Malangizo amene timapatsana ndi odziwika: konza bwino phunziro, vala modzilemekeza, kweza mawu. Zonsezi n'zoona, koma m'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti chimene chimayesa mphunzitsi watsopano kwenikweni ndi chete amene amagwa m'kalasi iye akafunsa funso.

Ine ndidakachita TP pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'dera la Mfumu Dambe, m'boma la Mchinji, kumene ndinkaphunzitsa Chingerezi mu Fomu 1. Ophunzira adali opitirira 80, ena mwa anyamatawo ataliatali kundiposa. Kwa zaka zambiri ana m'Malawi ankaphunzira m'chiyankhulo chawo mpaka Sitandade 4, ndipo mu 2014 boma lidalengeza kuti Chingerezi chiziyambira Sitandade 1. Komabe chilengezo sichisintha chiyankhulo cha kumunda wa mtedza kapena cha pamsika wa Kapiri. Ophunzira angawo ankamva Chingerezi m'kalasi mokha basi, choncho ndikafunsa funso, onse ankangoti zii, maso pansi.

Chete ameneyu amapweteka. Mphunzitsi amayamba kuganiza kuti ana am'tulukira kuti sadziwa kanthu. Pofuna kudzipulumutsa ndidapeza pothawira pamene aphunzitsi ambiri amathawira. Ndikafotokoza pang'ono ndinkafunsa kuti, "Are we together?" ndipo kalasi yonse inkayankha mokweza kuti, "Yeees!" Nthawi zina ndinkayamba chiganizo n'kuchisiya m'malere kuti iwo amalize liwu lotsiriza. Kwa sabata ziwiri ndinkatuluka m'kalasi ndikudziona ngati katswiri. Nditachonga makope a ntchito yoyamba, opeza bwino sadakwane khumi.

Khalidwe limeneli akatswiri a chiyankhulo amalidziwa. Mu 1996 J. Keith Chick adafotokoza za phunziro la masamu pa sukulu ina ku KwaZulu, m'dziko la South Africa, ndipo kuyankhulana kotereku adakutcha safe-talk. Malinga ndi iye, mphunzitsi ndi ophunzira amakhala ngati apangana kubisirana manyazi: mphunzitsi safunsa funso limene lingaulule kuti ana sadamve, anawo amayankhira pamodzi kuti pasaoneke wolakwa. Aliyense amatuluka ndi ulemu wake, koma palibe waphunzirapo kanthu. Kunena zoona, kulimba mtima kumene ndidali nako m'sabata ziwiri zija kudali kobwereka kwa ana amene nawonso ankaopa ngati ine ndemwe.

Amene adandithandiza ndi mayi wina amene waphunzitsa pa sukulupo zaka zambiri. Atakhala kumbuyo kwa kalasi tsiku lina, adandiuza kuti, "Aphunzitsi, mukumafunsa n'kudziyankha nokha. Mwanayo amayamba wamasulira funso lanu m'Chichewa, apeze yankho, kenaka alibweze m'Chingerezi. Inu mukumudula akadali pa ulendo woyamba." Mawu awowa akugwirizana ndi zimene Mary Budd Rowe wa ku America adapeza m'zaka za m'ma 1970: aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, koma akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Ngati zili choncho kwa mwana woganiza m'chiyankhulo chimodzi, nanga woyenda maulendo awiri?

Ndidayamba kuwerenga chamumtima mpaka kasanu ndisanaloze munthu. Masekondi asanu pamaso pa ana 80 amatalika ngati msewu wa ku Mkanda nthawi ya dzinja, ndipo masiku oyamba ndinkatuluka thukuta. Ndidasiyanso kufunsa ngati tili limodzi, m'malo mwake ndinkafunsa funso loti yankho lake silingakhale inde.

Tsiku lina ndidalemba pa bolodi ziganizo ziwiri: "He went to Chipata" ndi "He has gone to Chipata". Ndidafunsa kusiyana kwake, n'kudikira. Nditafika pa kanayi, mtsikana wina wokhala pafupi ndi zenera, amene adali asanayankhulepo chiyambire, adakweza dzanja mwamantha. "Sala, ndinene m'Chichewa?" Ndidazengereza, chifukwa ambirife timaopa kuti woyang'anira wochokera ku koleji akamva Chichewa m'phunziro la Chingerezi atichotsera malikisi. Ndidamulola. Iye adati, "Choyambacho ndi adapita, mwina adabwerako. Chachiwiricho ndi wapita, ndiye kuti akadali komweko." Kusiyana kumene ndidakulimbana nako masiku atatu iye adakumasula ndi timaphatikizo tiwiri ta m'mneni wa Chichewa, -da- ndi -a-. Ndidamupempha kuti abwereze zomwezo m'Chingerezi. Adaphonya kawiri, anzake akumuthandiza, kachitatu adakhoza, ndipo ndidalemba yankho lake pa bolodi mmene adalinenera.