Chinenero cha Manja

M'minda ya tiyi ya ku Thyolo anthu amagwira ntchito motalikirana. Wothyola tiyi wa kwa Chimaliro akafuna kuitana mnzake amene ali patali, amangomukodola ndi dzanja. Kapitao naye amaloza ndi chala pamene antchito ayambire. Zizindikiro zoterezi zimathandiza, koma munthu sanganene nazo mlandu kapena kusimba nthano. Komatu chilipo chinenero cha manja chimene chimatha zonsezi. Ichi ndicho chinenero cha anthu osamva.

Kale anthu ambiri ankayesa kuti kulankhula ndi manja ndi kungolozaloza chabe. M'chaka cha 1880 aphunzitsi a ana osamva anasonkhana mumzinda wa Milan ku Italy, nagwirizana kuti ana aziphunzira kulankhula ndi pakamwa pokha. Motero m'sukulu zambiri manja analetsedwa, ngakhale kuti anawo akakhala paokha ankachezabe ndi manja.

Amene anatsutsa maganizo ameneŵa ndiye William Stokoe, mphunzitsi wa pa koleji ya osamva ya Gallaudet, mumzinda wa Washington ku America. Iye anayang'anitsitsa manja a ophunzira ake, ndipo mu 1960 analemba zimene anapeza. Anaonetsa kuti liu lililonse la manja lili ndi magawo atatu: mapindidwe a zala, malo pamene dzanja laikidwa, ndi kayendedwe kake. Pambuyo pake akatswiri ena anaonjezapo kumene chikhatho chapenya.

M'Chicheŵa, "kulima" ndi "kuluma" amasiyana ndi lembo limodzi lokha. Momwemonso m'chinenero cha manja cha ku America, munthu akatambasula zala nagunda chala chachikulu pachibwano, wanena kuti "amayi". Akagunda pamphumi, wanena kuti "abambo". Dzanja ndi lomwelo, koma malo asintha, ndipo tanthauzo lasinthanso. Nkhope nayo ili ndi ntchito yake: kukweza nsidze kungasandutse chiganizo kukhala funso.

Umboni wina unachokera ku Nicaragua. Mu 1977 mumzinda wa Managua munatsegulidwa sukulu imene inasonkhanitsa ana osamva amene kale sankadziŵana. Poseŵera pamodzi, anawo anayambitsa chinenero chatsopano, ndipo ang'onoang'ono obwera m'mbuyo anachikometsa nachipatsa malamulo okhazikika. Apa akatswiri anaona ndi maso mmene chinenero chimabadwira.

Chifukwa cha ichi, chinenero cha manja sichili chimodzi padziko lonse. Azungu a ku Britain ndi a ku America amamvana pa Chingerezi, koma zinenero zawo za manja n'zosiyana. Dziko la Malaŵi nalo lili ndi chake. Chimenechi chakulira makamaka m'sukulu za ana osamva, monga Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, ndi Mountain View ku Bvumbwe, m'boma lomweli la Thyolo. Bungwe la anthu osamva la MANAD linasonkhanitsa mau a manja a kuno kwathu ndi kuwaika m'buku lotanthauzira mau.

Masiku ano akatswiri akuphunzitsa makompyuta kuzindikira chinenero cha manja. Amajambula anthu osamva akucheza, kenaka amalemba tanthauzo la liu lililonse. Kompyuta imatsata zala, mikono ndi nkhope pazithunzi zikwizikwi kufikira itazoloŵera. Ntchitoyi ndi yovuta. Manja amathamanga, nthaŵi zina dzanja lina limabisa linzake, ndiponso aliyense ali ndi kalankhulidwe kake. Chinanso, kompyuta imangodziŵa chimene yaonetsedwa. Yophunzitsidwa ndi manja a ku America singamve mwana wa ku Bvumbwe. Tsono kuti makinaŵa adzathandize Amalaŵi m'chipatala ndi m'khoti, poyamba payenera kujambulidwa chinenero chathu chomwe, ndipo eni ake, anthu osamva, ndiwo ayenera kutsogolera.

Bungwe la United Nations linasankha 23 September kukhala tsiku lokumbukira zinenero za manja, ndipo mu 2023 dziko la South Africa linalandira chinenero chake cha manja kukhala chimodzi mwa zinenero za boma. Mwana wosamva sasoŵa nzeru ai. Chimene amasoŵa ndi womumva. Akaphunzira chinenero cha manja akali wamng'ono, maphunziro ena onse amamutsegukira, pakuti kuongola mtengo m'poyamba.

Mafunso

1. Kodi kukodola kumasiyana bwanji ndi chinenero cha manja?
2. Tchulani magawo atatu amene William Stokoe anapeza.
3. Nanga ana a ku Managua anaphunzitsa akatswiri chiyani?
4. N'chifukwa chiyani kompyuta ya ku America singamve mwana wa ku Bvumbwe?