Chotupa cha M'mphuno Sichidikira Kuti Mugulitse Chimanga

Inu a ku Lupaso ndi midzi yozungulira Mzuzu, tamverani. Mwana akagwa mu mtengo, kapena munthu akagundidwa ndi mpini pamphuno, musati magazi akaleka ndiye kuti zatha. Pakati pa mphuno pali kafupa kofewa kamene kamagawa mabowo awiri. Nthawi zina magazi amaunjikana pansi pa khungu lokuta kafupako, mphuno nitseka. Kafupaka kamalandira chakudya kuchokera ku khungu lomwelo, tsono magazi akazilekanitsa kamayamba kufa m'masiku awiri kapena atatu okha. Pambuyo pake pamachita mafinya, mphuno imabwafuka osawongokanso, ndipo nthendayo ikhoza kufika ku ubongo.

Musafinye, musateme ndi lezala. Ntchito imeneyi ndi ya dokotala. Iye amachititsa dzanzi pamalopo, nacheka pang'ono, natulutsa magazi kapena mafinya. Akatero amaika nsalu m'mphuno kuti magazi asaunjikanenso, napereka mankhwala opha tizilombo.

Ambiri amachedwa poopa ndalama. Dziwani kuti m'zipatala za Boma, m'chigawo cha anthu onse, chithandizo ndi chaulere. Yambani ku chipatala cha Mapale. Akaona kuti nkofunika adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000. Mukasankha chigawo cholipira, kapena chipatala cha mishoni monga St John's, funsani mtengo wake poyamba, ndipo mukalipira landirani lisiti.

Buku lanu la kuchipatala musalisiye kunyumba. M'menemo dokotala amalemba nthenda, tsiku, ntchito imene wagwira ndi mankhwala. Nthenda zili ndi manambala ake odziwika m'maiko onse: m'buku la ICD-10 la bungwe la WHO, chithupsa cha m'mphuno ndi J34.0. Ku America kutulutsa mafinya pa kafupa kaja kuli ndi nambala yakeyake, 30020, ndipo ndiyo imene amawerengera malipiro. Kuno kwathu zolemba za dokotala zimathandiza iwo amene ali pa inshuwalansi kuti bungwe lawo lilipire, ndiponso zimauza dokotala wina zimene mnzake anachita.

Chifukwa chake mukaona chotupa chofiira m'kati mwa mphuno, nyamulani buku mupite tsiku lomwelo. Ndipo pa tsiku limene akuuzani kuti mubwere kudzachotsa nsalu ija, musajombe.