Chitsulo cha Timabowo: Mafunso ndi Mayankho pa Zam'kati mwa Batire

Fodya akagulidwa ku Chinkhoma, mabanja ambiri a kwa Kaomba amabwerera kumudzi atanyamula sola ndi batire. Miyezi yoyamba nyumba imawala mpaka usiku, wailesi ikulira, mafoni a anthu oyandikana nawo ali pamzere. Pakapita nthawi batire lija limayamba kufooka msanga, ndipo mwini wake amati anamugulitsa lachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri nkhani imakhala ili m'timabowo tosaoneka ndi maso, m'kati mwa chitsulo.

Funso: Kodi batire limasunga bwanji magetsi?

Yankho: Silisunga ngati mmene ndowa imasungira madzi. Batire la mavoti 12 lili ndi zipinda 6, chilichonse chopereka mavoti pafupifupi 2. M'chipinda chilichonse muli mapuleti omizidwa m'madzi a asidi, ena a mtovu weniweni, ena a mtovu wosakanikirana ndi okosijeni. Mukayatsa getsi, asidi amagwirana ndi mtovu n'kupanga mchere woyera, ndipo kusinthako ndi kumene kumatulutsa magetsi. Mukatchaja, mchere uja umabwerera kukhala mtovu. Zonsezi zimachitika pokhapo pamene asidi wakhudza chitsulo. Mtovu umene asidi sanaufike ndi katundu wongolemetsa.

Funso: Ndiye timabowo tikuthandiza chiyani?

Yankho: Mlimi wa bale akudziwa kale yankho. Saunjika masamba mulu umodzi kuti aume. Amawasoka, n'kuwapachika pamikangala m'chigafa motalikirana, kuti mphepo idutse patsamba lililonse. Opanga mabatire amafuna zomwezo, kuti madzi a m'batire alowe m'kati mwenimweni mwa puleti. Masamu ake ndi osavuta. Kachitsulo kotalika sentimita imodzi mbali zonse kali ndi nkhope 6, malo okwana masikweya sentimita 6. Mukakadula m'tizidutswa 1,000 ta milimita imodzi, malo aja amakwana masikweya sentimita 60, pamene kulemera sikunasinthe. N'chifukwa chake mchere wosinja umasungunuka msanga kuposa wamibulu.

Funso: Nzeru imeneyi inayamba liti?

Yankho: Gaston Planté wa ku France anapanga batire la mtovu lotheka kutchajanso mu 1859. Mapuleti ake anali osalala, ndipo pankafunika kutchaja ndi kutsitsa kambirimbiri kuti pamwamba pake pachite timabowo. Mu 1881 Camille Faure anapeza njira yachidule yomata phala la mtovu pamapuleti. Phalalo likatchajidwa limasanduka mtovu wonga siponji. Batire lagalimoto limene William Kamkwamba ankasungiramo magetsi a makina ake oyendera mphepo ku Wimbe, konkuno ku Kasungu, linali la mtundu womwewu.

Funso: Nanga chitsulo cholimba amachisandutsa bwanji siponji?

Yankho: Apa ndi pamene pali luso losiririka. Njira imodzi ndi ya ufa. Amatenga ufa wosalala wa chitsulo chotchedwa nickel, n'kuuwotcha m'ng'anjo pamoto woopsa koma osafika posungunula. Timibulu timangomatana pamene takhudzana, ndipo pakati pake pamatsala mipata, pafupifupi magawo 80 pa 100 a puleti yonse. Woumba njerwa angazindikire zimenezi: akasakaniza dothi ndi mankhusu, moto wa mu uvuni umadya mankhusu n'kusiya njerwa yopepuka. Akatswiri ena amasakaniza ufa wachitsulo ndi mchere, akawotcha amatsuka mcherewo ndi madzi.

Njira yachiwiri imayambira pa siponji yeniyeni ya pulasitiki, yonga ya m'matilesi. Amaipaka zinthu zodutsa magetsi, n'kuimiza m'madzi osungunuliramo nickel. Akadutsitsa magetsi, nickel amakuta kamtsempha kalikonse ka siponjiyo. Kenako amawotcha pulasitiki yonse, chotsala ndi chigoba chachitsulo chimene magawo oposa 90 pa 100 ndi mpata wokhawokha. Mukachiyang'anitsa padzuwa kuwala kumadutsa, ndipo chimadulika ndi sizasi. M'mipatamo ndi mmene amathiramo phala logwira ntchito. Kampani ya Sumitomo Electric ya ku Japan imachigulitsa ndi dzina loti Celmet, ndipo chitsulo chotere chimagwira ntchito m'mabatire a nickel, mtundu umene unayendetsa Toyota Prius yoyamba mu 1997.

Yachitatu ndi yosakaniza zitsulo ziwiri kenako n'kusungunula chimodzi ndi mankhwala. Murray Raney wa ku America anatero m'zaka za m'ma 1920, pochotsa aluminiyamu mu nickel ndi soda wowotcha. Timabowo take ndi tating'onoting'ono kwambiri.

Funso: Bwanji osangochulutsa timabowo mpaka pomaliza?

Yankho: Chulu chimene chiswe chaboola mopitirira chimagumuka munthu akapondapo. Puleti ya mipata yambiri imafooka ndipo imayoyoka, makamaka batire likamagwedezeka panjinga m'misewu yathu yafumbi. Timabowo tikachepetsetsa, madzi amalowa movutikira. Akatswiri amathera zaka akufunafuna muyeso wapakati.

Funso: Kodi batire la kumudzi limafa bwanji?

Yankho: Izi ndi zimene zimandiwawa, chifukwa ndalama yake ndi thukuta la chaka chathunthu, kuyambira kunazale. Batire likatsitsidwa mpaka kutheratu n'kukhala masiku osatchajidwa, monga zimachitikira nthawi ya mitambo mu Januwale ndi Febuluwale, mchere woyera uja umauma gwa n'kutseka timabowo. Likatero limadzadza msanga n'kutha msanga. Musamalitsitse kupitirira theka. Ikani kachipangizo kowongolera tchaji pakati pa sola ndi batire. Madzi akachepa onjezerani madzi a batire ogula, osati a pamjigo, chifukwa mchere wa m'madzi a pansi umawononga mapuleti. Ndipo likafa musaliswe pakhomo. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa ana.

Funso: Kodi Malawi ali ndi gawo pa ntchito imeneyi?

Yankho: Mabatire a lithium, amene Sony inayamba kugulitsa mu 1991 ndipo lero ali m'foni iliyonse, amagwiritsa ntchito graphite womatidwa pakapepala kopyapyala ka mkuwa. Graphite si chitsulo, koma nayenso amamatidwa mosiya timipata. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza graphite wochuluka pamodzi ndi rutile, ndipo mu 2023 Rio Tinto inagula magawo 15 pa 100 a kampaniyo. Mabatire akuluakulu a lithium afikanso kale kuno: malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti, m'boma la Dedza, anayamba kugwira ntchito nawo mu 2022. Koma mwala wokumbidwa sulowa m'batire mmene ulili. Umayenera kuperedwa kukhala timibulu tozungulira ndi kuyeretsedwa mpaka 99.95 pa 100, ndipo ntchito imeneyi pafupifupi yonse ikuchitikira ku China. Alimi a fodya akuidziwa bwino njira imeneyo, pakuti tsamba lawo limachoka m'mabelo, ndudu n'kukapangidwira kunja. Ine ndikufuna kuona ana a ku Kasungu amene akuphunzira za migodi ndi zitsulo ku MUBAS ndi ku MUST akuphunzitsidwa kupera ndi kuyeretsa graphite ameneyu konkuno, mgodi wa Kasiya usanatsegulidwe.