Musathamangire kuloza chala mita ya fotokope ikasemphana ndi ndalama

Nyengo yolembetsa ana sukulu ikafika, anthu a m'boma la Lago amakhamukira kumalo ojambulitsa mapepala ku Metangula. Ena amachokera ku Cóbuè, ena ku Meluluca ngakhalenso ku Maniamba, atanyamula mabilyete, masedula ndi masetifiketi oti ajambulitse. Makina a fotokope amagwira ntchito tsiku lonse, koma dzuwa likalowa ndi pomwe pamabuka mkangano, pamene mwini makina aona kuti nambala ya pamita yaposa ndalama zomwe zili m'kabati.

Kawirikawiri chala chimaloza mnyamata kapena mtsikana wogwira ntchito pamakinapo. Ena amadulidwa malipiro, ena amachotsedwa ntchito ndi mbiri yoti ndi akuba, chikhalirecho vuto lili poti anthu ambiri sadziwa chomwe mitayo imawerenga.

Mita imeneyi, yomwe amisiri amaitcha contador pa Chipwitikizi, inabwera kaamba ka malonda. M'chaka cha 1959 kampani yomwe pambuyo pake inatchedwa Xerox, ku America, inatulutsa makina otchedwa 914. Popeza anali odula, inkawabwereketsa pa madola 95 pamwezi, ndipo munthu akapitirira makope 2,000 ankalipira masenti 4 pa kope lililonse. Kuchokera nthawi imeneyo mita imawerenga ntchito yomwe makina agwira. Zoti kasitomala walipira kapena ayi, mita sizidziwa.

Kusiyana kwa nambala kumayambira pamenepa. Pepala limodzi lojambulidwa mbali zonse ziwiri, mita imaliwerenga kawiri. Bilyete ili ndi kumaso ndi kumbuyo, choncho wojambula akajambula kumaso nkubwezanso pepala lomwelo m'makina kuti ajambule kumbuyo, mita imalemba makope awiri pomwe kasitomala mwina walipira pepala limodzi. Makina ambiri amawerenganso pepala lalikulu la A3 ngati makope awiri, chifukwa kukula kwake nkofanana ndi mapepala awiri a A4.

Palinso makope omwe salipiridwa ndi aliyense. Kope likatuluka lakuda kapena losawerengeka limatayidwa, koma mita yalemba kale. Mmisiri akamayesa makina amatulutsa makope angapo, ndipo makina akalumikizidwa ku kompyuta, makalata onse osindikizidwa amalowa m'chiwerengero chomwecho. Pamakina ena ngakhale pepala lomwe lakodwa m'kati limawerengedwa. Kunyanja kuno vuto la kukodwa ndi lalikulu m'dzinja, chifukwa mapepala amakoka chinyezi nkumamatirirana.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Njira yodziwira ngati mita ikunama ndi yapafupi ndipo siifuna ndalama zambiri. Mwini makina ndi wantchito wake ayimirire pamodzi, alembe nambala ya pamita, awerenge mapepala 20 ndi manja ndi kuwajambula mbali imodzi. Nambala iyenera kukwera ndi 20. Kenaka ajambule mapepala 10 mbali zonse ziwiri, ndipo iyenera kukweranso ndi 20. Pomaliza ayese pepala limodzi la A3 kuti adziwe ngati likuwerengedwa kamodzi kapena kawiri.

Ndi bwinonso kuonetsetsa kuti mita yomwe ikuwerengedwa ndi yoyenera. Makina amakono ali ndi mamita angapo: yowerenga makope onse, ya makope okha, ya zosindikiza za pakompyuta, ndi ina yosonyeza pomwe dramu kapena tona yafika. Ya dramu imayambiranso pa ziro akaika dramu yatsopano, kotero siyothandiza powerengera ndalama.

Zikapezeka kuti mapepala 20 sakukwana 20 pamita, kapena akupitirira, ndiye kuti makina ali ndi vuto. M'njira yomwe pepala limadutsa muli timasensa tomwe timauza makina kuti pepala lapita. Fumbi, tizidutswa ta mapepala ndi tizilombo ting'onoting'ono monga nkhungu za panyanja zikaunjikana pamenepo, kasensa kamasokonezeka. Munthu angathe kuzimitsa makina, kuzula pulagi ndi kupukuta ndi kansalu kouma malo okhawo omwe dzanja likufika, koma asakhudze chigawo chomwe chimatentha. Vuto likapitirira, ntchitoyo ndi ya mmisiri.

Nthawi zina nambala imasintha kwambiri makina akachokera kokonzedwa. Chiwerengero chimasungidwa m'bolodi la makina, ndipo bolodi likasinthidwa popanda kusamutsa zomwe linasunga, mita imayambira pa ziro kapena pa nambala ya makina ena. Nchifukwa chake nkofunika kulemba nambala makina asanapite ku Lichinga, ulendo wa makilomita opitirira 100, ndi kulembanso tsiku lomwe abwerako.

Mita yaikulu inapangidwa dala kuti mwini makina asamaibweze m'mbuyo. Choncho kukonza kwake nkugwirizana. Mmisiri alembe pa pepala nambala yakale, nambala yatsopano ndi tsiku, ndipo onse asainire. Maofesi a boma, sukulu ndi mipingo yomwe imalipira kampani malinga ndi makope isunge pepalali mosamala, chifukwa ndilo umboni bilu ikabwera yokwera.

Chida china chomwe chimathetsa mikangano ndi kabuku wamba. M'mawa alembemo nambala ya pamita, madzulo alembenso, ndipo makope onse owonongeka asungidwe m'katoni kuti awerengedwe. Paketi imodzi imakhala ndi mapepala 500, kotero mapepala otsala nawonso amachitira umboni. Mita, kabuku ndi paketi zikagwirizana koma ndalama nkuperewera, pamenepo mpomwe mwini makina angafunse wantchito wake kuti afotokoze.