Mbatata yofiira mkati: anthu amene anabweretsa vitamini A kumunda

M'chigawo cha Tete mukafunsa komwe kumachokera chakudya, anthu amaloza kumtunda, ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga. Ku Tsangano kumazizira, ndipo kachewere, kabichi ndi tirigu zimachita bwino m'mapiri akumeneko. Matumba a kachewere amatsikira mumzinda wa Tete, ena amawoloka malire kukagulitsidwa m'misika ya ku Ntcheu. Ku Macanga, kuzungulira Furancungo, anthu amadalira chimanga, nyemba ndi fodya. Munthu wodutsa mwezi wa Juni, nkhokwe zitadzaza, sangaganize kuti mwana wa kuno angasowe kanthu m'thupi.

Komatu nsima ya ufa woyera ndi kachewere, ngakhale zimakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, mulibe vitamini A. Mwana atha kumagona wokhuta tsiku lililonse koma thupi lake likuperewera chinthu chofunika kwambiri ku maso ndi ku chitetezo chake. Azaumoyo amaitcha njala yobisika. Kafukufuku amene anachitika m'dziko lonse la Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapeza kuti ana 69 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali ndi vuto limeneli.

Ntchito ya vitamini A m'thupi

Kuseri kwa diso kuli kachiwalo kamene kamalandira kuwala, ndipo kuti kagwire ntchito kukayamba mdima kamafuna vitamini A. N'chifukwa chake chizindikiro choyamba chimaoneka madzulo. Mwana amene masana amathamanga bwinobwino, dzuwa likangolowa amapunthwa pa mtondo, amapapasa pofuna mbale ya ndiwo, kapena amangokhala phee pakhonde anzake akusewera. Vuto likakula, choyera cha diso chimauma n'kuchita timadontho tooneka ngati thovu. Likapitirira apo, galasi la kutsogolo kwa diso limafewa n'kuchita chilonda, ndipo khungu lobwera chonchi silichira. Bungwe la WHO limati ana pakati pa 250,000 ndi 500,000 amachita khungu chaka chilichonse chifukwa chosowa vitamini A, ndipo theka la iwo amamwalira chaka chisanathe.

Vitamini yemweyu amalimbitsa khungu lopyapyala lomwe limakuta mkati mwa mmero, mapapo ndi matumbo, komwe tizilombo toyambitsa matenda timalowera. Akachepa, kutsegula m'mimba ndi chikuku zimamugwira mwana mwamphamvu. Chikuku nachonso chimamaliza vitamini wochepa amene anatsala m'thupi, n'chifukwa chake ana ena amatuluka m'chikuku maso atawonongeka.

Thupi limapeza vitamini A m'njira ziwiri. Mu mkaka wa m'mawere, chiwindi ndi mazira amapezeka wokonzeka kale. M'zomera muli beta-carotene, chinthu chimene chimafiiritsa maungu, mango, mapapaya ndi karoti, chomwenso chimabisala m'masamba obiriwira monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso. Thupi limachisandutsa vitamini A n'kusunga wotsala m'chiwindi.

Dokotala wa maso amene anawerenga maliro

Mpaka zaka za m'ma 1970, madokotala ambiri ankaona kusowa kwa vitamini A ngati nkhani ya maso okha. Amene anasintha maganizo amenewa ndi Alfred Sommer, dokotala wa maso wa ku America, yemwe anapita ku Indonesia mu 1976 kukafufuza za khungu la ana. Gulu lake linkapima ana masauzande angapo miyezi itatu iliyonse. Pambuyo pake, akubwereza kuwerenga zolembedwazo, anaona kuti ena mwa ana amene anali ndi zizindikiro zazing'ono, monga kusaona madzulo, sankapezekanso pa kupima kotsatira. Anali atamwalira, ndipo ankamwalira kangapo kuposa anzawo a maso abwino. Anafalitsa zimenezi mu 1983.

Pofuna umboni wokwanira, Sommer ndi anzake a ku Indonesia anayesa m'midzi 450 ya ku Aceh: m'midzi ina ana ankalandira vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ina ayi. Zotsatira zake, mu 1986, zinaonetsa kuti komwe ana ankalandira vitaminiyu imfa zinachepa ndi 34 pa 100. Akatswiri ambiri sanakhulupirire kuti kambulu kotchipa chotero kangapulumutse ana ochuluka chonchi, mpaka kafukufuku wina ku India, ku Nepal ndi ku Ghana atapeza zofanana.

Timibulu tomwe anamwino amadula kunsonga n'kufinyira m'kamwa mwa mwana kusikelo tinachokera pamenepa. Kabuluu ndi ka mwana wa miyezi 6 mpaka 11, kofiira ndi ka mwana wa chaka chimodzi mpaka kufika zaka zisanu, ndipo amayenera kulandira kawiri pa chaka.

Funso la akatswiri a zachuma

Kambulu kamathandiza mwana yekhayo amene wafika nako pamaso pa namwino. Mayi wa kumudzi wakutali ndi Furancungo, nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza ndiponso fodya akufuna manja, amatha kuphonya sikelo, makamaka mwana akamaliza katemera. Howarth Bouis, katswiri wa zachuma wa ku bungwe la IFPRI, anayamba kufunsa m'zaka za m'ma 1990 kuti: bwanji mavitamini osawaika m'mbewu zimene osauka amalima ndi kudya kale? Ambiri anamukayikira, poopa kuti mbewu zoterozo sizingabereke bwino kapena alimi azikana. Iye sanagwe ulesi, ndipo mu 2003 anayambitsa ntchito ya HarvestPlus.

Jan Low, nayenso katswiri wa zachuma cha ulimi wa ku America, anali ataona ku Kenya kuti ana amaikonda mbatata yofiira mkati, yomwe ili ndi beta-carotene. Chimene chinkasowa ndi umboni wa m'magazi woti mbatatayi imawonjezeradi vitamini A m'thupi. Kuyambira 2003 mpaka 2005, m'chigawo cha Zambézia, gulu lake linagawa mbewu ya mbatatayi kwa mabanja, kuphunzitsa amayi kadyetsedwe ka ana, ndi kupima magazi a ana oposa 700. Patatha zaka ziwiri, vitamini A anali atakwera m'magazi a ana a m'midzi yolima mbatatayi, pomwe m'midzi yosalima mbatatayi sipanasinthe kwenikweni. Kafukufuku wotsatira wa HarvestPlus, ku Zambézia komweko, anapezanso kuti ana odya mbatatayi sankatsegula m'mimba kawirikawiri ngati anzawo.

Mayi wa ku Cabo Verde

Umboni unalipo, koma mbewu yoyenera dothi ndi kukhosi kwa anthu a kuno inali isanapezeke. Mitundu yofiira yochokera kunja inali yamadzimadzi, pomwe ife timafuna mbatata yaufa, yoti ukainyema izigumuka. Inkafanso msanga kukachita ng'amba. Ntchito yokonza zimenezi inagwera Maria Andrade.

Andrade anabadwa mu 1958 pa chilumba cha Fogo ku Cabo Verde, dziko lomwe chilala amachidziwa bwino. Anaphunzira zaulimi ku Arizona, n'kutenga digiri ya udokotala wa zobereketsa mbewu ku North Carolina State University mu 1994. Anafika ku Mozambique mu 1996, ndipo mu 2006 anayamba kugwira ntchito ndi bungwe la International Potato Center. Madzi atasefukira kummwera kwa dzikoli mu 2000, mbewu ya mbatata yofiira inagawidwa kwa mabanja ambirimbiri amene minda yawo inakokoloka. Koma chilala chitabwera patapita zaka zochepa, yambiri inauma, ndipo zinaonekeratu kuti pafunika mitundu yobadwira konkuno.

Kubereketsa mbatata ndi ntchito yofuna kudekha. Katswiri amatenga mungu wa duwa la mtundu wofiira n'kuuika pa duwa la mtundu wa makolo wopirira chilala. Njere iliyonse yotuluka pamenepo ndi mtundu watsopano. Amafesa njere masauzande, kenako n'kumataya zosabereka, zogwidwa matenda ndi zosakoma, kufikira zitatsala zowerengeka. Kale ntchitoyi inkatenga zaka zisanu ndi zitatu. Andrade ndi anzake anaifupikitsa kufika zaka zinayi poyesa mitunduyo m'malo angapo nthawi imodzi: ku Umbeluzi ndi ku Chókwè kummwera, ku Gurué, ndi ku Angónia, boma lochita malire ndi Tsangano komanso Macanga. Alimi ankaitanidwa kudzalawa yophika n'kunena imene yawakomera. Mu 2011, mogwirizana ndi bungwe la boma lofufuza zaulimi la IIAM, anatulutsa mitundu 15 yopirira chilala, ina mwa iyo Irene, Delvia, Sumaia, Ininda ndi Namanga.

Mayiyu sanakhutire ndi kukhala kumunda wa kafukufuku. Ankayenda pa galimoto yopakidwa utoto wa olenji, ndipo gulu lake linasindikiza zithunzi za mbatatayi pa nsalu zomwe amayi amavala, kuti uthenga ufike kumsika ndi kuchitsime. Mu 2016, Andrade, Low, Bouis ndi Robert Mwanga, katswiri wobereketsa mbatata wa ku Uganda, analandira limodzi mphoto ya World Food Prize ku Des Moines m'dziko la America.

Tsidya la Malawi nakonso ntchito inkayenda. Kumalo a kafukufuku a Bvumbwe, Felistus Chipungu ndi anzake anatulutsa mu 2011 mitundu ya Kadyaubwerere, Anaakwanire, Kaphulira, Mathuthu ndi Chipika, kuwonjezera pa Zondeni amene analipo kale.

Zotsalira mlimi ndi mayi

Mbatata imodzi yaing'ono yofiira kwambiri mkati, yolemera magalamu 125, imakwanira vitamini A amene mwana wamng'ono amafuna pa tsiku. Kufiira kwa khungu lakunja sikutanthauza kanthu. Muinyeme muone mkati. Yowiritsa ndi makoko ake kapena yophika ndi nthunzi imasunga bwino ubwino wake. Popeza vitaminiyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono, futali wothira nsinjiro ndi chakudya choyenera kwambiri. Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, mbatata yopotedwa itha kusakanizidwa m'phala, uku akuyamwabe. Masamba ake, kholowa, nawonso ndi ndiwo yabwino.

Kumalo ozizira ngati mapiri a Tsangano mbatata imachedwerapo kukhwima, choncho ndi bwino kubzala msanga mvula ikakhazikika ndi kufunsa alangizi a zaulimi mtundu woyenera deralo. Chovuta chachikulu ndi kusunga mbewu m'chilimwe. Amene ali ndi dimba amaisunga kumeneko, atatchinga mbuzi. Amene alibe atha kutsata njira ya mchenga imene International Potato Center imaphunzitsa. Pokolola, sankhani timbatata tating'ono topanda bala kapena kufumbwa. Yalani nyuzipepala m'beseni, thirani mchenga wouma ndi wozizira, ikani timbatatato mosakhudzana, kwirirani ndi mchenga, ndipo sungani m'nyumba pouma. Mwezi uliwonse fukulani muchotse zoola. Kukatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mvula iyambe, zibzaleni pakamunda kotchinga pafupi ndi nyumba n'kumathirira. Mphukira zake ndizo mbewu yanu mvula yoyamba ikagwa. M'munda, kwirirani ming'alu ya m'mizere kuti anankafumbwe asafike pa mbatata.

Mbatata yofiira sikulowa m'malo mwa sikelo. Mwana alandirebe kambulu kake ndi katemera wa chikuku, ndipo amene wayamba kusaona madzulo kapena diso lake lachita timadontho toyera apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera asamwe timibulu ta ana, chifukwa mlingo wake ndi waukulu ndipo utha kuvulaza mwana ali m'mimba. Mbatata payokha ilibe choopsa chimenecho, pakuti thupi limasandutsa vitamini wokwanira zosowa zake basi.

Chotsala ndi malo. M'mabanja ambiri munda wabwino umapita ku chimanga, fodya ndi kachewere wogulitsa, ndipo mbatata imaonedwa ngati ya amayi, yobzala kumalire. Abambo a ku Tsangano ndi ku Macanga, pokonza minda ya chaka chino, siyani mizere ingapo pa nthaka yabwino. Amene muli nayo kale mbewu yofiira, gawirankoni mnansi wanu amene ali ndi mwana wamng'ono, ndipo mumuonetse kasungidwe kake kuti chaka chamawa asadzapemphenso.