Njira ya Pakati ya Gotama

Pamene Gotama, wotchedwa Buddha, anaphunzitsa anzake asanu m'nkhalango ya agwape ku Sarnath, pafupi ndi Benares, anakana zinthu ziwiri: kumira m'zokondweretsa thupi, ndi kulizunza ndi njala, monga iye mwini adachitira kufikira nthiti zitaonekera. Njira yake ili ndi mbali 8, zimene akale anazimanga m'mitolo itatu: makhalidwe oyera, mtima wokhazikika, ndi nzeru yozindikira kuti chilakolako ndicho muzu wa masautso. Pofuna mtima wokhazikikawo, wophunzira amakhala tsonga patsinde pa mtengo, natchera khutu ku mpweya wake polowa ndi potuluka; maganizo akathawa, amawabweza mosapsa mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ine ndiyesa mtolo woyambawo ndiwo wolemera, chifukwa umaletsa kupha, kuba, chigololo ndi miseche.